Ulalo wotsimikizira imelo

Ulalo wotsimikizira imelo ndi adiresi yapadera ya pa intaneti imene webusaiti imatumiza ku imelo ya munthu amene wangotsegula kumene akaunti kapena wasintha adiresi yake. Munthuyo akadina ulalowo, webusaiti imalemba kuti adiresiyo yatsimikiziridwa, ndipo imayamba kumulola kuchita zinthu monga kulowa mu akaunti, kulandira mauthenga kapena kupempha pasiwedi yatsopano akaiwala yakale. Anthu ambiri amangoutcha linki. Mkati mwake mumakhala zilembo ndi manambala zosakanikirana zimene zimatchedwa tokeni, ndipo tokeniyo ndi imene imasiyanitsa ulalo wa munthu mmodzi ndi wa wina.

Ulalowu umatsimikizira chinthu chimodzi chokha: kuti amene wautsegula anali ndi mwayi wowerenga makalata a ku adiresi imeneyo pa nthawi imeneyo. Sunena dzina lenileni la munthuyo, msinkhu wake kapena kumene akukhala. Masiku ano sunenanso n'komwe ngati wadinayo ndi munthu, chifukwa pali makina amene amatsegula maulalo a m'makalata mwiniwake asanawaone. Mavuto ambiri a chitetezo amene amabwera ndi ulalowu amayamba pamene olemba mapulogalamu aukhulupirira kupitirira pamenepa.

Chiyambi

Imelo yochoka pa kompyuta ina kupita pa ina inayamba mu 1971 pa ARPANET, pamene Ray Tomlinson anasankha chizindikiro cha @ kuti chizilekanitsa dzina la munthu ndi la kompyuta. Mu 1982 Jon Postel analemba RFC 821, chikalata chimene chinakhazikitsa SMTP, njira imene maseva amagwiritsabe ntchito potumizirana makalata. SMTP ili ndi lamulo lotchedwa VRFY lofunsira seva ngati adiresi inayake ilipo. Otumiza spam anayamba kuligwiritsa ntchito potola maadiresi a anthu, choncho maseva ambiri analitseka kapena amangoyankha mosanena chenicheni. Ngakhale pamene likugwira ntchito, lamuloli limangonena kuti adiresi ilipo. Silinganene ngati amene wailemba pa fomu ndi mwiniwake.

Vutoli linaonekera poyamba pa mapulogalamu ogawira kalata imodzi kwa anthu ambiri, monga LISTSERV imene Éric Thomas analemba mu 1986 ndi Majordomo ya Brent Chapman ya mu 1992. Munthu ankatha kulembetsa adiresi ya mnzake ku magulu ambirimbiri pongofuna kumuvutitsa. Njira imene inapezeka inali yoti pulogalamu izitumiza kaye kalata yokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo mwini adiresi aziyankha kalatayo asanalembedwe m'gulu. Mawebusaiti atafala, kuyankha kalata kunalowedwa m'malo ndi kudina ulalo. Pa nkhani za malonda njira imeneyi imadziwika ndi dzina la Chingerezi lakuti double opt-in.

Kuona ngati adiresi yalembedwa bwino n'kosiyana ndi kuitsimikizira. Pulogalamu imatha kuona kuti muli chizindikiro cha @, kuti mbali ya kumanzere siyikupitirira zilembo 64 ndiponso kuti adiresi yonse siyikupitirira zilembo 254, monga malamulo a SMTP amafunira. Koma munthu akalakwitsa chilembo chimodzi m'dzina lake, adiresiyo imaonekabe yolondola, ndipo n'kutheka kuti ndi ya munthu wina kudziko lina. Njira yokhayo yodziwira ndi kutumizako kalata.

Mmene umagwirira ntchito

Munthu akamaliza kudzaza fomu yolembetsera, seva imasunga akaunti yake mu database, yomwe ndi nkhokwe ya zidziwitso zonse za webusaitiyo, ndipo imaika chizindikiro choti adiresi sinatsimikiziridwe. Kenako imapanga tokeni, n'kuilumikiza ndi akauntiyo komanso adiresiyo, n'kulemba nthawi imene idzathe ntchito. Tokeniyo imaikidwa mu ulalo wooneka chonchi: https://example.com/tsimikiza?tokeni=kX3v9Q, kungoti yeniyeni imakhala yaitali kwambiri kuposa pamenepa. Ulalowo umatumizidwa mu kalata.

Ulalo ukatsegulidwa, seva imafufuza ngati tokeniyo ikuidziwa, ngati nthawi yake sinathe, ndiponso ngati sinagwiritsidwepo kale ntchito. Zonse zikakhala bwino, imalemba tsiku ndi nthawi imene adiresi yatsimikiziridwa, n'kuthetsa tokeniyo. Mapulogalamu ambiri amasunga nthawi yeniyeniyo m'malo mongolemba kuti inde kapena ayi, chifukwa nthawiyo imadzathandiza ngati umboni pakabuka mkangano. Laravel imagwiritsa ntchito danga lotchedwa email_verified_at, ndipo MediaWiki, pulogalamu imene imayendetsa Wikipedia, ili ndi user_email_authenticated.

Mawebusaiti amasiyana pa zimene amalola munthu kuchita asanatsimikizire. Ena amatseka akaunti yonse mpaka ulalo utadinidwa. Ena amamulola kulowa koma amamuletsa zinthu zina. Pa MediaWiki munthu amatha kulemba ndi kusintha nkhani popanda imelo, koma pa mawiki amene amafuna kutsimikizira, sangatumize kalata kwa olemba anzake kudzera pa wikiyo mpaka atatsimikizira adiresi yake. Palinso mawebusaiti amene sapanga akaunti n'komwe poyamba: amangofunsa adiresi, ndipo dzina ndi pasiwedi zimafunsidwa munthu akadina ulalo. Njira yomalizayi imapewa mavuto angapo amene afotokozedwa m'munsimu, ngakhale kuti imachedwetsako kulembetsa.

Tokeni

Owerenga amene amagula magetsi olipiriratu amaidziwa kale tokeni: ndi nambala imene imagwira ntchito kamodzi, pa mita imodzi. Ya mu ulalo imayenera kukhala chimodzimodzi, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti munthu wina asathe kuilota. Tokeni yopangidwa kuchokera ku nambala ya akaunti, nthawi yolembetsera kapena adiresi ya imelo siteteza kanthu, chifukwa aliyense wodziwa zinthu zimenezi angathe kuipanga yekha n'kutsimikizira adiresi imene si yake.

Ndiye chifukwa chake tokeni imapangidwa ndi chida chotulutsa manambala mwachisawawa chimene chinakonzedwera chitetezo. Mu Python muli secrets, imene inabwera ndi Python 3.6 mu 2016. Mu PHP muli random_bytes, ndipo mu Node.js muli crypto.randomBytes. Zida wamba monga Math.random ya JavaScript ndi random ya Python siziyenera ntchito imeneyi. Ya Python imagwiritsa ntchito njira yotchedwa Mersenne Twister, ndipo munthu amene waona manambala 624 otsatizana otuluka m'njira imeneyi amatha kudziwa onse otsatira. Utali umene akatswiri ambiri amavomereza ndi ma bit 128 kapena kuposerapo. Ma bit 128 amapereka chiwerengero cha matokeni chokhala ndi manambala 39 chikalembedwa, moti kuyesa imodziimodzi n'kosatheka. Kuti tokeni ilowe bwino mu ulalo imalembedwa mu Base64url, imene imagwiritsa ntchito zilembo, manambala ndi zizindikiro ziwiri zokha zosasokoneza adiresi. Ma byte 32 amatuluka zilembo 43.

Pali njira ziwiri zosungira tokeni. Yoyamba ndi kuisunga mu database. Apa langizo la bungwe la OWASP pa matokeni ofanana nawo osinthira pasiwedi ndi lakuti azisungidwa motetezeka, ndipo ambiri amachita zimenezi posunga hash yake m'malo mwa tokeni yeniyeniyo. Hash ndi chidindo chimene chimawerengedwa kuchokera ku tokeni, mwachitsanzo ndi SHA-256, ndipo sichingabwezedwe kuti tokeni ipezekenso. Ulalo ukafika, seva imawerengera hash ya tokeni yabwerayo n'kuiyerekeza ndi yosungidwa. Wakuba akapeza database, amapeza zidindo zokhazokha zimene sangapange nazo ulalo.

Njira yachiwiri ndi kusasunga kanthu. Seva imalemba nambala ya akaunti, adiresi ndi nthawi mu ulalo momwemo, n'kusainira zonsezo ndi kiyi yachinsinsi pogwiritsa ntchito HMAC, imene inafotokozedwa mu RFC 2104 mu 1997. Wina akasintha chilembo chimodzi, siginecha sigwirizananso. Laravel imachita zimenezi kuyambira pa Laravel 5.7 ya mu 2018, ndipo ena amagwiritsa ntchito JSON Web Token ya mu RFC 7519. Ubwino wake ndi woti database sidzaza ndi matokeni akale. Kuipa kwake ndi koti seva ilibe polemba kuti ulalowu wagwiritsidwa kale ntchito. Django inapeza njira yochenjera pa maulalo ake osinthira pasiwedi: imaphatikiza mu siginecha zinthu zimene zimasintha ulalo ukagwira ntchito, monga pasiwedi yosungidwa ndi nthawi imene munthu analowa komaliza, choncho ulalo wakale umafa wokha. Chinanso n'chakuti kiyi yachinsinsi ikabedwa, wakubayo angathe kupanga ulalo wa akaunti iliyonse.

Pa njira zonse ziwiri, tokeni imayenera kumangiriridwa ku adiresi yeniyeni imene inatumizidwako. Ikangomangiriridwa ku akaunti, munthu angathe kulandira ulalo pa adiresi yake, n'kusintha adiresi ya mu akaunti kukhala ya munthu wina, kenako n'kudina ulalo wakale uja. Seva yosasamala imalemba kuti adiresi yachiwiriyo yatsimikiziridwa pamene mwiniwake sanalandire kalikonse.

Nthawi yotha ntchito

Palibe lamulo limodzi la nthawi imene ulalo uyenera kukhala wamoyo. Mu Laravel, ngati wolemba pulogalamu sanasinthe, ndi mphindi 60. Mu ASP.NET Core Identity ndi tsiku limodzi, mu django-allauth ndi masiku 3, ndipo mu MediaWiki ndi masiku 7. Bungwe la boma la United States loona za miyezo, NIST, m'chikalata chake SP 800-63A cha mu 2017, linaika malire a maola 24 pa nambala yolembetsera yotumizidwa pa imelo ndi mphindi 10 pa yotumizidwa pa foni.

Kusiyanaku kumachokera pa zimene ulalowo umatsegula. Ngati umangolemba kuti adiresi ndi yolondola, masiku angapo si vuto, ndipo nthawi yaifupi imangozunza anthu amene satsegula imelo tsiku lililonse kapena amene bandulo yawathera. Koma ngati ulalowo umalowetsanso munthu mu akaunti popanda pasiwedi, ndiye kuti ndi kiyi ya akauntiyo, ndipo uyenera kufa msanga. Nthawi ikatha, tsamba labwino limanena momveka kuti ulalo watha ntchito ndipo limapereka batani lopemphera wina. Munthu akadina kachiwiri ulalo umene unagwira kale ntchito, n'kwabwino kumuuza kuti adiresi yake ndi yotsimikiziridwa kale kusiyana n'kumuonetsa uthenga wolakwika umene ungamuchititse kuganiza kuti akaunti yawonongeka.

Makina odina maulalo

Ili ndi vuto limene limasokoneza kwambiri olemba mapulogalamu atsopano, chifukwa pa kompyuta yawo zonse zimaoneka kuti zikuyenda bwino. Makampani, mabanki, masukulu ndi maofesi a boma ambiri amadutsitsa makalata awo mu makina a chitetezo monga Safe Links ya Microsoft Defender for Office 365, URL Defense ya Proofpoint ndi Mimecast. Makinawa amatha kutsegula ulalo wa m'kalata kuti aone ngati tsamba lake lili ndi zachinyengo kapena mavairasi. Kwa seva, kutsegula kumeneku kumaoneka ngati munthu wadina.

Zotsatira zake zili pawiri. Ngati tokeni imagwira ntchito kamodzi, makina amaimaliza, ndipo mwini kalata akadina amauzidwa kuti ulalo ndi wosagwira. Akapempha wina, zimachitikanso chimodzimodzi. Chotsatira chachiwiri n'choopsa kwambiri ngakhale sichioneka: munthu wachinyengo akalembetsa ndi adiresi ya wogwira ntchito pa kampani ina, makina a kampaniyo amamutsimikizirira adiresiyo mwiniwake asakudziwa. Pamenepa ulalo walephera ntchito yake yonse.

Muzu wa vutoli uli m'malamulo a HTTP. Kutsegula ulalo kumatumiza pempho la mtundu wa GET, ndipo RFC 9110 ya mu 2022, mofanana ndi zikalata zimene zinalipo kale, imati GET ndi yongowerengera ndipo siyenera kupempha kusintha kanthu pa seva. Makina amene amatsegula maulalo amadalira lonjezo limeneli. Phunziroli si latsopano. Mu 2005 pulogalamu ya Google Web Accelerator inkatsegulirathu maulalo a pa tsamba kuti intaneti izioneka yachangu, ndipo pa mawebusaiti ena inafufuta zinthu za anthu chifukwa batani lofufutira linali ulalo wamba wa GET. Chifukwa chomwechi chinachititsa kuti RFC 8058 ya mu 2017, yonena za kusiya kulandira makalata podina kamodzi, isankhe pempho la POST.

Njira yodziwika kwambiri yothetsera vutoli ndi kugawa ntchito pawiri. Ulalo ukatsegulidwa, seva imangoonetsa tsamba lokhala ndi adiresi ya imelo ndi batani loti munthu atsimikizire, osasintha kanthu. Batanilo ndi limene limatumiza POST, ndipo pamenepo m'pamene tokeni imagwiritsidwa ntchito. Pulogalamu ya django-allauth imachita zimenezi ngati sinauzidwe zina, kudzera mu ACCOUNT_CONFIRM_EMAIL_ON_GET imene imayamba ili yozimitsa. Ena, pofuna kupulumutsa munthu ku kudina kwachiwiri, amaika JavaScript yodina yokha batanilo tsamba likangotseguka. Zimenezi zimathandiza pang'ono chabe, popeza makina ena amatsegula tsamba mu browser yeniyeni n'kuyendetsa JavaScript yomweyo.

Njira yolimba kuposa zonsezi ndi kufuna kuti wodinayo akhale atalowa kale mu akaunti. Chitsanzo chimene chili m'malangizo a Laravel chimatero: ulalo umagwira ntchito pokhapokha siginecha ili yolondola ndiponso munthu walowa ndi pasiwedi ya akauntiyo. Apa seva imaona zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti munthuyu akudziwa pasiwedi ndiponso kuti akuwerenga makalata a adiresiyo. Mtengo wake ndi woti amene analembetsa pa kompyuta n'kutsegula kalata pa foni amafunsidwa pasiwedi kachiwiri.

Njira zina zimene anthu amabera

Mu 2022 Avinash Sudhodanan ndi Andrew Paverd anafalitsa kafukufuku wa kulanda akaunti mwiniwake asanaitsegule n'komwe. Pa mawebusaiti 75 otchuka amene anawayesa, osachepera 35 anali ndi vutoli. Wachinyengo amalembetsa akaunti ndi adiresi ya munthu wina n'kudikira. Mwini adiresi akadzabwera, mwina kudzera pa batani lolowera ndi Google kapena posintha pasiwedi atauzidwa kuti akaunti ilipo kale, webusaiti imamulowetsa mu akaunti yomweyo, pamene pasiwedi ya wachinyengo kapena kulowa kwake kwakale kukugwirabe ntchito. Choteteza chachikulu ndi kusalola akaunti yosatsimikiziridwa kuchita kanthu kofunika, kufufuta maakaunti oterowo pakapita nthawi, ndi kutulutsa onse amene analowa kale pamene pasiwedi yasinthidwa.

Adiresi yosatsimikiziridwa siyenera kulandira chinsinsi chilichonse kupatula ulalo wotsimikizira womwewo. Mu January 2024 kampani ya GitLab inakonza vuto lotchedwa CVE-2023-7028, limene linkalola kuti kalata yosinthira pasiwedi itumizidwe ku adiresi yosatsimikiziridwa, moti munthu ankatha kulanda akaunti mwiniwake osadina kalikonse. Vutoli linapatsidwa 10.0, mlingo wapamwamba kwambiri pa sikelo ya CVSS. Nkhani yofanana nayo imachitika pamene webusaiti ikukhulupirira adiresi yochokera ku kampani ina yolowetsa anthu. OpenID Connect ili ndi danga lotchedwa email_verified lonena ngati kampaniyo inatsimikizira adiresiyo, ndipo webusaiti imene siliyang'ana ingathe kupereka akaunti kwa munthu wolakwika.

Dzina la webusaiti la mu ulalo nalonso limabedwa. Mapulogalamu ena amalitenga ku mutu wa pempho wotchedwa Host, umene wotumiza pempho angathe kulembamo chilichonse. Wachinyengo akalembamo dzina la seva yake, kalata yeniyeni yochokera ku webusaiti yeniyeni imanyamula ulalo wopita kwa iye, ndipo wolandira akadina, tokeni imagwera m'manja mwake. James Kettle anafotokoza njira imeneyi mu 2013, chaka chomwe Django 1.5 inatuluka ikufuna kuti mayina ololedwa azilembedwa mu ALLOWED_HOSTS. Dzina la webusaiti limayenera kuchokera ku zimene mwini seva analemba yekha, ndipo ulalo uzikhala wa HTTPS.

Tokeni imathanso kutayikira kudzera m'malo amene adiresi yonse imalembedwa: m'mabuku a seva, m'mbiri ya browser, ndi mu mutu wa Referer umene browser imatumiza tsamba likamakoka zithunzi kapena zotsatsa kuchokera kwina. Chrome 85 mu 2020 ndi Firefox 87 mu 2021 zinasintha kuti zisamatumize adiresi yonse ku mawebusaiti ena, koma n'kwanzerube kusaika zinthu za makampani ena pa tsamba lotsimikizira.

Pamene munthu akusintha adiresi, yakale imayenera kukhalabe yogwira mpaka yatsopano itatsimikiziridwa, ndipo ku yakaleyo kumatumizidwa chidziwitso. Mu Devise, imene imagwiritsidwa ntchito ndi Ruby on Rails, zimenezi zimatchedwa reconfirmable, ndipo adiresi yatsopano imadikira mu danga lapadera la unconfirmed_email. Batani lotumiziranso ulalo nalo limafuna malire, apo ayi limasanduka chida chodzazira bokosi la munthu ndi makalata ambirimbiri. Mawebusaiti ena amayankhanso mawu amodzimodzi kaya adiresi ili ndi akaunti kaya ilibe, kuti anthu asagwiritse ntchito fomu pofufuza amene analembetsa. Kalata ya MediaWiki ili ndi ulalo wachiwiri woti munthu amene sanapemphe kanthu adine kuti adiresi yake ichotsedwe pa akauntiyo.

Kalata ikapanda kufika

Kalata yotsimikizira imagwera mu spam kawirikawiri ngati dzina la webusaiti lilibe SPF, DKIM ndi DMARC, njira zitatu zosonyezera kuti kalata yachokeradi kumene ikunena. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo awo, ndipo Gmail imafuna zonse zitatu kwa amene amatumiza makalata pafupifupi 5,000 kapena kuposa patsiku. Maseva ena amakana dala kalata yoyamba yochokera kwa wotumiza wachilendo n'kudikira kuti ayesenso, ndipo zimenezi zimachedwetsa kalata ndi mphindi zingapo. Ulalo wa mphindi zochepa ungathe kufa uli m'njira.

Ulalo umathanso kuthyoka. RFC 5322 imalimbikitsa kuti mzere wa kalata usapitirire zilembo 78, ndipo kalembedwe ka quoted-printable kamadula mizere pa zilembo 76 n'kusintha chizindikiro cha = kukhala =3D. Kalata ikakonzedwa molakwika, ulalo wautali umafika uli wodukaduka. Ndiye chifukwa chake makalata ambiri amakhala ndi batani komanso adiresi yonse yolembedwa pansi pake kuti munthu aikopere yekha.

Nambala m'malo mwa ulalo

Mawebusaiti ambiri tsopano amatumiza nambala yaifupi, kawirikawiri ya manambala 6, imene munthu amailemba pa tsamba limene analembetsera. Makina a chitetezo sangaimalize, ndipo zilibe kanthu kuti kalata yatsegulidwa pa foni iti. Zimathandizanso pa foni, pamene ulalo nthawi zina umatseguka mkati mwa pulogalamu ya imelo m'malo mwa browser imene munthu anayambira. Kufooka kwake ndi koti manambala 6 amangopereka njira 1,000,000, choncho seva imayenera kuletsa munthu akalakwitsa kangapo ndipo nambalayo izitha ntchito mofulumira. Nambala n'njosavutanso kuipereka kwa wachinyengo amene waimba foni akunamizira kuti ndi wa ku kampani, monga zimachitikira ndi manambala a SMS a ndalama za pa foni.

Mawebusaiti ena, monga Slack ndi Medium, anagwiritsa ntchito ulalo wa pa imelo ngati njira yolowera popanda pasiwedi, imene imatchedwa magic link. Pa njira imeneyi chitetezo chonse cha akaunti chimadalira bokosi la imelo. NIST, m'chikalata SP 800-63B cha mu 2017, inakana kuti imelo iziwerengedwa ngati njira yachiwiri yapadera yotsimikizira munthu polowa, chifukwa sisonyeza kuti munthuyo ali ndi chipangizo chinachake m'manja.

Malamulo ndi malire ake

Lamulo la European Union loteteza zidziwitso za anthu, GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, silitchula ulalo wotsimikizira. Koma ndime 7 imafuna kuti kampani izitha kusonyeza kuti munthu anavomera, ndipo nthawi imene ulalo unadinidwa ndi umboni umene makampani ambiri amasunga, makamaka ku Germany kumene double opt-in ndi chizolowezi. Ku United States, lamulo la CAN-SPAM la mu 2003 silifuna chilolezo kalata isanatumizidwe. Limangofuna kuti wolandira akhale ndi njira yokanira.

Kutsimikizira imelo sikuletsa munthu kukhala ndi maakaunti ambiri. Mailinator, imene Paul Tyma anayambitsa mu 2003, imapereka mabokosi amene aliyense angatsegule popanda pasiwedi, ndipo ulalo wotumizidwa kumeneko umagwira ntchito ngati wina uliwonse. Gmail siwerengera madontho a m'dzina la adiresi ndipo imalola kuwonjezera mawu pambuyo pa chizindikiro cha +, choncho bokosi limodzi limatha kulandira makalata a maadiresi ambiri amene webusaiti imawaona ngati osiyana.

Adiresi imasinthanso eni. Wophunzira akamaliza sukulu kapena wantchito akachoka pa kampani, adiresi yake imatha kutsekedwa kapena kupatsidwa kwa wina wa dzina lofanana. Dzina la webusaiti likapanda kulipiridwa, wogula watsopano amalandira makalata onse opita kumeneko. Mu 2013 Yahoo inalengeza kuti iyamba kugawanso mayina a maakaunti amene anakhala miyezi 12 osagwiritsidwa ntchito, ndipo ena mwa eni atsopano anayamba kulandira makalata a eni akale. Pa chifukwa chimenechi mawebusaiti ena amafunsa munthu nthawi ndi nthawi ngati adiresi yake idakali yomweyo, ndipo amachotsa chizindikiro chotsimikizira makalata akayamba kubwerera.